Kuwonongeka kwa Fayilo Yosungira Makalata a Imelo

Mkonzi amene amalandira zolemba za alembi kudzera pa imelo amakhala atasunga dzinthu zake zonse m'nkhokwe imodzi. Pulogalamu ya Outlook imaika makalata, maadiresi ndi zonse zotumizidwa pamodzi ndi makalatawo m'fayilo imodzi. Magetsi akathima pulogalamuyo ikulemba m'fayilomo, fayiloyo ingawonongeke ndi kukana kutseguka. Kukula kopyola muyeso nakonso kumaiwononga: mafayilo a Outlook 97 mpaka 2002 sankapitirira 2 GB, pamene kuyambira Outlook 2010 malire ake ndi 50 GB.

Mafayilowa alipo a mitundu iwiri. Ya dzina lothera ndi .ost ndi chithunzi chabe cha makalata osungidwa pa seva. Ikachotsedwa, pulogalamu imapanga ina. Ya .pst siitero, pakuti kawirikawiri makalata ake sapezekanso kwina kulikonse.

Apa ndi pamene ambiri amalakwira chifukwa cha phuma. Chida chokonzera, chotchedwa scanpst.exe, chimabwera pamodzi ndi Outlook, koma ntchito yake ndi kuwongola dongosolo la m'kati mwa fayilo, ndipo chimene chalephera kuwerenga chimachitaya. Motero mwini makalata ayenera kutseka Outlook ndi kukopera fayilo yowonongekayo pa diski ina asanaikhudze, ngakhale chidacho chimasunganso kope lothera ndi .bak. Makalata osochera amapezeka m'foda ya Lost and Found. Onse opulumuka asamutsidwire m'fayilo yatsopano.