Kodi mumadziwa kuti mphesa imodzi ingatseke mpweya wa mwana?

Mphesa imodzi yathunthu ikhoza kutsekeratu njira ya mpweya ya mwana wosakwana zaka 5.

Nthawi zambiri mphesa imakhala yaikulu kuposa njirayo, ndipo popeza ndi yofewa komanso yosalala, imatseka ngati chitsekerero cha botolo. Mwana akatsamwa chonchi nthawi zambiri salira n'komwe, chifukwa mpweya sukudutsa.

Mukagula mphesa pamsika wa Sakubva ku Mutare, zitsukeni bwino, dulani iliyonse m'litali kukhala zidutswa 4, n'kuchotsa njere. Musadule mopingasa, chifukwa tizidutswa tozungulira timatsamwitsabe.

Kwa khanda loyamba kudya pa miyezi 6, ndi bwino kuzisenda n'kuzinyenya. Mudyetseni atakhala tsonga, inu muli pomwepo.