Matimati Afupi M'matumba

Acikumbi anzathu a ku Masasa ndi ku Zolozolo, kuno ku Mzuzu, adandaula kuti malo ngocepa, cimanga cadzaza ponse. Ife tinena kuti thumba lakale la fetereza likwanira tsinde limodzi la matimati afupi, monga Tanya kapena Roma, amene satalika ngati Money Maker.

Boolani thumba kunsi, thiranimo dothi losanganiza ndi manyowa owola bwino, ndipo muliike pakhonde pofika dzuwa, posagwa mvula. Mvula ndi nkhungu za kuno zibweretsa ciwau. Cifukwa cace thirirani patsinde, osanyowetsa masamba.

Cenjerani: musatape dothi m'munda wa fodya, pakuti matenda a fodya agwiranso matimati. Mukagwira fodya, sambani m'manja ndi sopo musanakhudze mbeu zanu. Mukatero, ndiwo sizidzasowa pakhomo.