Mawu Ofotokozera Zovuta za Injini za Maboti

Injini ya boti ku Senga Bay ndi injini yopopera madzi m'madimba a ku Mitundu ndi Nathenje, zikakhala za petulo, zonse zimadalira moto wa pulagi. Choncho mawu ozifotokozera m'mabuku ayenera kukhala amodzi ndiponso osasokoneza, pakuti msodzi amene injini yamuzimira pakati pa nyanja alibe womufunsa.

Poyamba, alembi asiyanitse "kudontha" ndi "kuchucha". Madzi amadontha akamagwa dontho limodzilimodzi, monga polumikizira paipi posamangika bwino. Amachucha akamatuluka mosalekeza. Komabe si madzi onse ochucha amene ali vuto. Injini ya boti imakoka madzi a m'nyanja kuti isatenthe, ndipo kamadzi kotuluka kumbuyo kwake kamasonyeza kuti pampu ikugwira ntchito. Kamadziko kakaleka, injini izimitsidwe msanga. Oopsa ndi madzi olowa mkati gasiketi ikaphulika: amanyowetsa pulagi, injini n'kukana kulira.

Chachiwiri, tilembe kuti injini "yalira", osati "yayaka", chifukwa wowerenga angayese kuti yapsa. Moto wa pulagi "umathetheka". Pofuna kuuona, mmisiri amamasula pulagi, kuipukuta, kuibwezera pawaya wake, kuikhudzitsa kuchitsulo cha injini, kenaka n'kukoka chingwe. Ikapanda kuthetheka, amayesa pulagi ina asanakayikire waya.

Pomaliza, mawu obwerekawa atsate lamulo lakuti "r" amalembedwa pambuyo pa "i" kapena "e", ndipo "l" m'malo ena onse: batire, pulagi, petulo, kabuleta.