Thomas Cubitt ndi Robert Applegarth: akalipentala awiri a ku England

M'nthawi ya Mfumukazi Victoria, kalipentala wa ku England ankayenda ndi bokosi lake la zida: masowo, mapulena, matchizulo ndi hamala, zonse zogula yekha pang'onopang'ono kuyambira ali wophunzira ntchito. Bokosilo likapsa kapena kubedwa, munthuyo ankakhala ngati mlimi wopanda khasu nthawi ya dzinja. Amuna awiri amene ndikufuna kuwayerekeza pano onse anayamba ndi bokosi lotere, koma kumene anakathera n'kosiyana kwambiri.

Thomas Cubitt anabadwa mu 1788 m'mudzi wa Buxton ku Norfolk, ndipo bambo ake, a Jonathan, analinso kalipentala. Ali mnyamata anakwera sitima yapamadzi yopita ku India monga mmisiri wa matabwa, ndipo ndalama zimene anabwera nazo ndi zimene anayambira bizinesi ku London. Nzeru yake inali iyi: kale womangitsa nyumba ankagwirizana ndi mmisiri aliyense payekha, wa njerwa payekha, wa matabwa payekha, wa magalasi payekha. Cubitt anawalemba onse ntchito pansi pa bwana mmodzi, pabwalo lake la ku Gray's Inn Road. Ntchito inayamba kutha pa nthawi yake.

Kuchokera apo anangokwerakwera. Anamanga dera la Belgravia ku London pamalo amene kale anali lowe, ndipo pokweza malo otsika a kufupi ndi mtsinje wa Thames anatuta dothi limene linkakumbidwa ku St Katharine Docks. Kuyambira 1845 mpaka 1851 anamangira banja lachifumu Osborne House mogwirizana ndi Kalonga Albert, komanso ndiye anamanga mbali ya kum'mawa ya Buckingham Palace. Abale ake nawonso sanatsale: William anakhala meya wamkulu wa London mu 1860, Lewis ndiye anajambula siteshoni ya King's Cross. Thomas anamwalira mu 1855 atasiya chuma choposa mapaundi miliyoni imodzi. Mwana wake George anapatsidwa ulemu wa Baron Ashcombe mu 1892, ndipo Mfumukazi Camilla ya lero ndi ya magazi amenewa kudzera mwa mayi ake, a Rosalind Cubitt.

Robert Applegarth mbiri ya banja lake ilibe maina aakulu otero. Anabadwira ku Hull mu 1834, anayamba kugwira ntchito ali mwana, anaphunzira ukalipentala, n'kukakhala ku Sheffield. Anayesako moyo wa ku America koma anabwerera kwawo. Atabwerako anapeza amisiri akulimbana ndi mabwana. Mu 1859 omanga a ku London anapempha kuti azigwira maola 9 patsiku, ndipo makontilakita anawatsekera kunja, n'kumati wofuna kubwerera asaine kuti sadzalowa m'bungwe la apantchito. Mkangano umenewu ndi umene unabala bungwe la Amalgamated Society of Carpenters and Joiners mu 1860. Applegarth anakhala mlembi wake wamkulu kuyambira 1862 mpaka 1871, ndipo m'zaka zimenezo mamembala anachuluka kuchoka pa pafupifupi 1,000 kufika pa oposa 10,000.

Pamene amuna awiriwa amakumanira bwino ndi pa nkhani ya bokosi la zida. Mu 1854 moto unawononga malo ogwirira ntchito a Cubitt ku Thames Bank, ndipo zida za amisiri ake zinapsera momwemo. Cubitt anatulutsa ndalama zothandiza amisiriwo kugula zida zina. Tisachipeputse chimenechi, mabwana ambiri a nthawiyo akanangoti aliyense aone zake. Munthu amene anagwirapo pulena ankadziwa chimene mnzake wataya. Komabe thandizolo linadalira mtima wa munthu mmodzi, ndipo munthuyo chaka chotsatira anamwalira.

Bungwe la Applegarth linachita zina. Membala ankasonkha sheleni imodzi pa sabata, ndipo zida zake zikapsa kapena kubedwa, akadwala, ntchito ikamuthera, ngakhale pa maliro, thumba la bungwe linkamupatsa ndalama. Sankapita kukagwada kwa bwana. Ankakatenga zimene anasonkha yekha pamodzi ndi anzake. Mu 1867 Applegarth anafotokoza zimenezi pamaso pa komiti yachifumu yofufuza mabungwe a apantchito, ndipo umboni wake unathandiza kuti mabungwewa avomerezedwe ndi lamulo mu 1871.

Sikulakwa kunena kuti njira ya Cubitt ndi imene inakonzera malo Applegarth. Kusonkhanitsa amisiri mazanamazana pabwalo limodzi kunachititsa kuti ambiri a iwo akhale olembedwa ntchito moyo wawo wonse, opanda chiyembekezo chodzakhala mabwana paokha. Anthu otere amayamba kufunsana za malipiro ndi maola.

Ndikayang'ana nyumba, Cubitt alibe mnzake. Misewu yake ya ku Belgravia ilipobe, yolimba. Koma mwayi umene iye anapeza unakweza banja limodzi, ndipo akalipentala ochepa kwambiri akanatha kuutsatira. Wa Applegarth unali wotsegukira aliyense wokhoza kusonkha sheleni, ngakhale kuti amisiri osauka kwambiri ndi anthu a maganyu sanaukwanitse. Kwa kalipentala wamba wa nthawi imeneyo, amene anamupindulira kwambiri ndi Applegarth, yemwe anamwalira mu 1924.