Njinga yamoto ya matayala anayi imafuna nzeru za wopalasa bwato

Mvula ikakhazikika mu Januwale ndi Febuluwale, njira zotsikira ku Nyanja ya Chilwa m'madera a kwa Mwambo ndi kwa Kuntumanji zimangokhala matope okhaokha. Makande amamatirira ku matayala, galimoto yopita kukatenga matemba pa doko la Kachulu imatitimira, ndipo wakabaza amatsitsa wokwera n'kuyamba kukankha. Nyengo imeneyi ndi imene anthu amene anagwirapo ntchito m'mafamu a ku South Africa amakumbukira njinga yamoto ya matayala anayi, ija amati quad bike. Amanena kuti ikanakhalapo, matopewa sakanakhala nkhani. Akunena zoona ndithu, koma pali mbali ina imene ambiri saitchula.

Makinawa si akale kwambiri. Kampani ya Honda inatulutsa njinga ya matayala atatu onenepa mu 1970, ndipo mu 1982 Suzuki inabweretsa ya matayala anayi. Ya matayala atatu ija inkagubuduzika pafupipafupi moti mu 1988 inaleka kugulitsidwa ku America. Ya anayi ndi imene inatsala, ndipo lero alimi, alonda a nkhalango ndi anthu oyendera malo amaigwiritsa ntchito m'mayiko ambiri.

Munthu wa ku Chilwa safunika sukulu kuti amvetse mmene imayendera, chifukwa bwato analidziwa kale. Mukamayenda wapansi m'mphepete mwa nyanja pa Kachulu, phazi limalowa m'matope mpaka m'katumba. Koma bwato lonyamula anthu ndi matumba a mpunga limadutsa pamadzi osafika n'komwe m'chiuno, chifukwa kulemera kwake kwamwazikana pamimba ponse. Matayala a njingayi amagwira ntchito ya mimba ya bwato. Ndi otambalala ndipo sapopedwa kwambiri: tayala la galimoto limafuna mpweya wa psi 30 kapena kuposerapo, pomwe la njingayi limakhutira ndi psi 4 kapena 5. Mukalikanikiza ndi chala chachikulu limabonyoka. Likaponda pansi limaphwatalala, n'kugwira dothi lalikulu, ndiye pamene tayala lopyapyala la kabaza limacheka matope n'kumira, ili limayandama pamwamba. Amene angalipope gwaa poganiza kuti laphwa wawononga chinthu chenichenicho chimene anagulira njingayo.

Koma bwato lomwelo ndi limene limaphunzitsa mantha. Mwana wa pa chilumba cha Chisi amakula akudziwa kuti m'bwato simukhala ngati thumba la chimanga. Likapendekera uku, thupi limapita uko. Katundu amaikidwa pansi ndi pakati, ndipo wina akaimirira mwadzidzidzi onse amakuwa. Njinga ya matayala anayi imapusitsa anthu pamenepa, chifukwa ikaima payokha osagwa, munthu amaiyesa kagalimoto. Si galimoto ayi. Ndi yaifupi, yopapatiza, ndipo wokwera amakhala pamwamba pa injini, kutanthauza kuti kulemera kuli m'mwamba. Mpando wake wautaliwo sanaupangire mnzanu wapambuyo. Anaupanga choncho kuti woyendetsa azisuntha: pokwera mtunda asendere kutsogolo mpaka chifuwa chiyandikire chiwongolero, potsetsereka abwerere kumbuyo, ndipo podutsa chopingasa pamalo opendekeka aweramire mbali ya kumtunda. Mukakweza munthu wachiwiri, malo osunthira atha. Mukamangirira mabasiketi a matemba m'mwamba kumbuyo, kutsogolo kumapepuka, ndipo kamtunda kakang'ono kakwana kuti njinga iimirire n'kukugwerani. Zogwirira ntchito zambiri zimalemera makilogalamu 250 kapena kuposa. Ikakupsinjani pachifuwa muli nokha kudambo, simungaikankhe. Ku Australia alimi ambiri anafa mwanjira imeneyi, ndipo kuyambira mu 2021 boma kumeneko linalamula kuti zatsopano zogwirira ntchito zizigulitsidwa zili ndi chitsulo kumbuyo chotchinjiriza wokwera ikagubuduzika.

Palinso china chimene chimadabwitsa ambiri. Pa njinga zochuluka za mtunduwu, matayala awiri akumbuyo ali pa chitsulo chimodzi ndipo amazungulira mofanana. Pokhota, tayala lamkati liyenera kuterereka pang'ono kuti njinga itembenuke. Padothi limaterereka bwinobwino. Patala limagwira, njinga imakana kukhota, kenako imadzuka mbali imodzi. N'chifukwa chake opanga okha amalemba kuti isayendetsedwe pa msewu wa tala. Msewu wa tala wa Zomba kupita ku Liwonde, umene wakabaza amausangalalira, kwa njingayi ndi malo oopsa kuposa njira ya kumunda.

Kumayiko kumene anthu amakwera njingazi pongosangalala, pakati pa njira zake pali mitundu iwiri iyi. Ina ndi ya m'nkhalango, ina ndi ya pamene panadutsa njanji kale. Sitima sikwera mtunda woima. Oikonza njanji amadula zitunda, kukwirira zigwa ndi kupinda makona pang'onopang'ono. Ndiye njanji ikatha ntchito n'kuzulidwa, pamatsala njira yosalala, yokwezeka, yosasunga madzi. Ku America lamulo la mu 1983 linalola kuti njira zoterezi zisungidwe n'kumagwiritsidwa ntchito ndi anthu, ndipo zina mwa izo zimalola njinga za matayala anayi. Kwa wophunzira, njira yotero ili ngati ngalande imene asodzi amatsegula pakati pa njedza: yowongoka, yabata, yosasocheretsa. Vuto lake limakhala liwiro basi, chifukwa posalala dzanja limafuna kuwonjezera moto.

Kuno kwathu tisasokoneze zinthu. Njanji imene ili pafupi ndi Chilwa, yochokera ku Nkaya kudzera ku Liwonde mpaka ku Nayuchi, inatsegulidwa mu 1970 ndipo ndi yamoyo. Imadutsa kumpoto kwa nyanja, pamtunda wamchenga wolekanitsa Chilwa ndi Chiuta, ndipo sitima zazitali za malasha zochokera ku Moatize zimadutsa pamenepo kupita ku Nacala. Sitima yolemera choncho siima pamene yakuonerani. M'mphepete mwa njanji imeneyo si poseweretsa njinga ya mtundu uliwonse. Zofanana ndi njira ya njanji zimene tili nazo kumbali ino ndi timisewu tokwezeka ta m'masikimu a mpunga a Likangala ndi Domasi. Koma timeneti ndi timene timasunga madzi m'minda ya anthu. Tayala la mano likakumba m'mbali mwake nyengo ya mvula, madzi amapeza polowera, ndipo amene amalipira ndi mlimi amene sanakwere n'komwe.

Njira za m'nkhalango zili pa phiri la Zomba, kumene mathirakitala ndi malole okoka mitengo ya paini anasiya misewu yokhotakhota. Kumeneko ndi kumene nzeru za bwato zimayesedwa zenizeni: mizu yoterera, miyala yobisika m'masamba, ndi mitunda imene kuikwera n'kosavuta koma kutembenukira pakati n'kosatheka. Ndipo apa ndi pamene mtima wanga umakhala kwambiri. Phirilo ndi nkhalango yotetezedwa ya boma, ndipo madzi ake ndi amene timamwa ndi kuwedzamo. Mtsinje wa Mulunguzi umatsika kukadzaza damu la mzinda wa Zomba, n'kukathira mu mtsinje wa Likangala. Likangala ndi Domasi amathira mu Chilwa. Tayala likapalasa pamalo otsetsereka limasiya timizere tiwiri. Mvula yoyamba imatsata timizereto, yachiwiri imatikulitsa, ndipo pakutha pa dzinja pali chigwembe. Dothi lonselo limathera m'nyanja yosaya, yopanda mtsinje wotulukira, imene inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 inasiya mabwato ali pouma pa Kachulu. Zoona, odula mitengo ndi olima m'mphepete mwa mitsinje ndi amene akokolola dothi lochuluka, si njingazi. Koma nyanja yodwala kale sitiyenera kuiwonjezera katundu chifukwa cha masewera.

Madzi akaphwa, chigwa chouma cha nyanjayo chimakopa maso ngati bwalo lothamangirapo. Pamwamba pamakhala pong'ambikang'ambika, koma pansi pake matope akadali amoyo, ndipo njinga ikaboola chikhungwacho imakhala pamimba, matayala onse anayi akungozungulira. Komanso madambo amenewa ndi kwawo kwa mbalame za m'madzi zimene zinachititsa kuti Chilwa ikhale malo oyamba m'Malawi kulowa m'pangano la Ramsar. Zambiri zimaikira mazira pansi, muudzu.

Ine ndikuona kuti njingayi ili ndi malo ake kuno. Ingathe kufikitsa mlangizi wa zaumoyo ndi katemera kumudzi umene ambulansi yalephera, kapena kukoka kangolo kakang'ono ka mpunga kuchokera kumunda, katundu ali pansi osati pamutu pa matayala. Imeneyo ndi ntchito yake. Kunyamula anthu ngati kabaza si ntchito yake, ndipo kupatsa mwana kuti ayesere ya akuluakulu n'kumuika m'madzi akuya.

Inu a bungwe, a mpingo kapena a famu amene mukuganiza zogula, musanafunse mtengo funsani kaye amene adzaphunzitse woyendetsa. Mugulireni chipewa cholimba, muletseni kukweza mnzake, ndipo njira zodutsa mukagwirizane ndi amfumu, komiti ya sikimu ndi a zankhalango njingayo isanafike.