Tikiti ya mwezi ku Joni siikwera sitima iliyonse

Mayi wina amene amakaoda nsapato ndi zikwama ku Joni anandifunsa sabata yatha: akagula tikiti ya sabata kapena ya mwezi, yokwerera mobwerezabwereza ija, kodi angakwere nayo sitima iliyonse mumzindamo? Yankho ndi ayi, ndipo amene sadziwa amalipira kawiri.

Mukatsika basi pa Park Station mupeza sitima za eni awiri. Ya Metrorail, yotchipa ija, imayendetsedwa ndi PRASA, bungwe la boma la South Africa. Gautrain, yothamanga yopita ku Sandton ndi Pretoria, inayamba kuyenda mu 2010 ndipo ndi ya boma la chigawo cha Gauteng. Aliyense ali ndi thumba lake la ndalama. Ngakhale njanji zawo sizifanana: ya Metrorail ndi yotambalala mamilimita 1,067, ya Gautrain 1,435.

Ndiye tikiti ya Metrorail siitsegula geti la Gautrain, kaya munaigula marandi angati. Gautrain imafuna khadi yakeyake, kapena khadi ya ku banki yongogunditsa pa makina polowa ndi potuluka.

Apa mpamene ambiri amapusitsika: pa Gautrain, mawu oti "ya sabata" kapena "ya mwezi" satanthauza kukwera mmene mungafunire. Mumasankha masiteshoni awiri, maulendo ake ndi owerengeka, ndipo masiku akatha, maulendo otsala apita. Kwa wantchito woyenda njira imodzi tsiku lililonse nzabwino. Koma wageni amene wabwera masiku anayi, lero ali uku mawa ali uko, ine ndingamuuze kuti azingolipira ulendo uliwonse pawokha. Mpamba suchedwa kuthera m'zinthu zazing'ono ngati zimenezi.

Sikuti tikiti imodzi yokwerera makampani onse ndi maloto. Ku Germany anayambitsa Deutschlandticket mu May 2023, pa mtengo wa mayuro 49 pamwezi, ndipo imagwira pa sitima za m'zigawo ndi mabasi a m'tauni dziko lonse, posayang'ana kampani. Zinatheka chifukwa boma limathirapo ndalama zolipira makampaniwo. Komabe nakonso sitima zothamanga za mtunda wautali, monga ICE, sizilimo.

Musanatulutse marandi pawindo, funsani kuti tikitiyo ndi ya sitima ya ndani, ikuyambira pati kukathera pati, ndiponso ili ndi maulendo angati. Ndipo ngati mukubwerera pa ndege kudzera ku OR Tambo, sungani ndalama yapadera: kuchokera ku Park mumakasintha sitima ku Sandton, ndipo ulendo wa ku bwalo la ndege ndiwo wodula kuposa ena onse a Gautrain.