Mwana Wobadwa Masiku Asanakwane

M'nyengo yachisanu, pamene nkhungu imakuta dambo la Chibavi kufikira dzuŵa litakwera, mpongozi wa mnansi wanga anabereka mwana wamwamuna pathupi pali pa miyezi 7 yokha. Amayi ena achikulire atamva za kuchepa kwake anapukusa mitu, nati, "Ameneyo ndi mlendo wongodutsa, musafulumire kumutcha dzina." Mawu otere tawamva kuyambira ubwana wathu, ndipo kale anali ndi chifukwa chake. Lero akupha ana amene akadakhala ndi moyo.

Mwana amene wabadwa masabata 37 asanathe ndiye amene a chipatala amati wabadwa masiku asanakwane. Lipoti la bungwe la WHO la mu 2012 linaika Malaŵi patsogolo pa maiko onse: mwa ana 100 obadwa amoyo, 18 anali otere. Malungo, kuchepa kwa magazi, mapasa, ndi kutenga pathupi mtsikana asanakhwime ndi zina mwa zoyambitsa zake. Inu achinyamata, chomalizachi chisakupiteni.

Adani a khanda lotere ndi kuzizira, kubanika ndi njala, pakuti thupi lake lilibe mafuta, mapapo ake ndi anthete, ndipo lilibe mphamvu zoyamwira. Za kubanika, madokotala a ku Queen Elizabeth ku Blantyre pamodzi ndi a Rice University ya ku America anapanga kamakina kotsika mtengo kotchedwa Pumani, kamene kamauzira mpweya m'mphuno mwa mwana kuti mapapo asafote. Atakayesa mu 2012, ana 71 mwa 100 anapulumuka, pamene mwa olandira okosijeni yekha anapulumuka 44.

Koma mankhwala a kuzizira ndi chifuwa cha mayi. Mu 1978 Dr Edgar Rey wa ku Bogotá, m'dziko la Colombia, poona kuti makina ofunditsira ana akupereŵera, anayamba kugoneka makanda pakati pa maŵere a amayi awo, khungu kukhudza khungu, namanga ndi nsalu. Njirayi, imene timaitcha kangaru, inafika pa chipatala cha Zomba mu 1999. Mu 2022 bungwe la WHO linalangiza kuti iziyamba mwana akangobadwa. Bambo angathe kumufungatira, agogo angathenso. Ine ndaonapo abambo akuchita manyazi kumanga chitenje pachifuwa, koma pa njinga ya kabaza amanyamula matumba a makala osachita manyazi!

Tsono tibwerere kwa mpongozi uja, pakuti nkhani yake ili ndi mbali yoŵaŵa. Anafika usiku pa chipatala china, chimene sindichitchula, msana ukumupweteka. Namwino anangoŵerenga masiku m'kabuku kake ka sikelo, nati nthaŵi siinakwane, akagone. Sanamupime. Kusanache mwana anabadwira pabedi, pali apongozi okha akufuula. Thandizo litafika, khandalo linali litazizira kale, likupuma mobanika, ndipo anachita kulithamangitsira ku chipatala chachikulu.

Kodi pamenepa tinene kuti kunali kunyalanyaza ntchito? Tiyenera kuweruza mosamala. Kubadwa msanga kwa mwana si mlandu wa mzamba. Tikudziŵanso kuti usiku wina mzamba mmodzi amayang'anira amayi ambiri, magetsi atazima, ambulansi ilibe mafuta. Zimenezi ndi umphaŵi wa dziko. Koma kubweza mayi wodandaula osamupima, kumusiya abereke yekha, kuchedwa kupukuta mwana ndi kumufunditsa, izi sizilira ndalama. Azamba amaphunzitsidwa kuti mwana amene sanalire athandizidwe kupuma mphindi yoyamba isanathe, chifukwa ubongo wosoŵa mpweya umaonongeka. Ena mwa ana amene ife aphunzitsi timawaona akuvutika kugwira pensulo kapena kutchula mawu, vuto lawo linayambira pa mphindi imeneyo.

Banja lija linafuna kungokhala chete, poopa kuti tsiku lina adzabwereranso pa chipatala chomwecho. Mantha amenewo ndikuwamvetsa, koma sindigwirizana nawo, chifukwa mayi wotsatira adzapeza zomwezo. Njira zilipo zosafuna mkangano. Zipatala za boma zili ndi mkulu wolandira madandaulo, amene amamutcha ombudsman wa pachipatala. Nkhani ikakula, anamwino ndi azamba amayankha ku Nurses and Midwives Council of Malawi, ndipo madokotala ku Medical Council of Malawi. Musanapite, lembani tsiku, ola limene munafika, ola limene mwana anabadwa, ndi zimene munauzidwa. Kabuku ka sikelo musakataye, pakuti ndiko mboni yanu.

Mnansi wanga anapita ndi pepala lake, ndipo akuluakulu a chipatalacho anamumvera. Mwanayo anakhala masabata angapo m'chipinda cha makanda, akumwa mkaka wofinya wa mayi wake kudzera m'kapaipi ka m'mphuno, kenaka pa kapu. Atatuluka, agogo aja amene anati asamutche dzina ndiwo anali kumufungatira masana, mayi wake akapita kukatunga madzi. Ngati ubongo wake unavulala usiku uja, adokotala ati tidzadziŵa akamayamba kukhala pansi ndi kukwaŵa, kotero mwezi uliwonse amapita naye ku sikelo. Anamutcha Chimwemwe.